Mankhwala a mwana wanga ndi chilango cha Chris Davis

Lachisanu pa 12 September 2014, mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu nkhani ataimva kale. Anaponya chikwama pakhomo n'kundipeza kukhitchini, nsapato zili kuphazi. Nthawi imeneyo tinkakhala pafupi ndi mzinda wa Baltimore ku America, ndipo mnyamatayo, wa zaka 11, anali atalowerera pa Orioles, timu ya baseball ya mumzindawo. Anali ndi malaya olembedwa nambala 19 kumsana, nambala ya Chris Davis, munthu amene chaka chapitacho anamenya ma home run 53, kuposa wosewera aliyense mu ligi yonse. Tsiku limenelo ligi inalengeza kuti Davis wayimitsidwa masewero 25 chifukwa mumkodzo mwake munapezeka amphetamine. Mwiniwake sanakane. Anapepesa, n'kufotokoza kuti anamwa Adderall, mankhwala amene kale ankaloledwa kumwa, koma chaka chimenecho chilolezo analibe.

"Adadi," anatero mwanayo, "si omwe aja ndimamwa ine m'mawa? Ndiye kuti inenso ndimabera?"

Botolo lake linali pamwamba pa firiji, pomwe tonse awiri tinkaliona. Ndinamuuza kuti akewo ndi ochokera kwa adokotala. Iye anati a Davis nawonso poyamba anali ochokera kwa adokotala. Ndinatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Vuto la mwana wanga madokotala amalitchula kuti ADHD. Munthu amalephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi, amaiwala zimene wauzidwa mphindi yomweyo, ndipo ena sakhala pansi, amachita chinthu asanaganize. Kumudzi kwathu mwana wotere ali ndi mayina ake kale: wosamva, wopulupudza, wojijirika. Agogo ake nditawafotokozera pa foni anaseka, amvekere mwana ameneyu akungosowa kamtengo ka kumatako, inunso munali choncho. Mwina ndinalidi choncho. Koma ine ndinaona kope la masamu lisanabwere botolo lija, ndinalionanso litabwera. Tsono funso la mwanayo linandikhala pamtima, ndipo linandipititsa ku mbiri ya mankhwalawa ndi ya masewerowa, imene ndikufuna kuifotokoza pano.

Kwa amene simunaonepo baseball, chofunika kudziwa n'chakuti ndi masewero otopetsa mwa njira yakeyake. Sathamanga mphindi 90 ngati mpira wamiyendo. Woponya amaima mamita 18 ndi theka kuchokera kwa womenya, n'kuponya kampira kolimba pa liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola. Kampirako kamafika theka la sekondi lisanathe, ndipo womenya, atagwira chibonga, ayenera kusankha m'kanthawi kameneko kuti amenye kapena asiye. Akakamenya n'kukatulutsa kunja kwa mpanda, imeneyo ndiye home run. Timu iliyonse imasewera masewero 162 m'miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi tsiku lililonse, lero usiku kuno, mawa masana kumzinda wina wa maola asanu pa ndege. Chimene chimatha mwa wosewera pofika August ndi tulo ndi tcheru. Mankhwala amene masewerowa ankawalakalaka kuyambira kale anali odzutsa munthu.

Amphetamine anapangidwa koyamba mu 1887 ku Berlin ndi Lazăr Edeleanu, wa ku Romania, ndipo anangokhala pashelefu zaka makumi anayi. Gordon Alles ndi amene anawafukula ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 pofunafuna mankhwala a mphumu. M'ma 1930 kampani ya Smith, Kline & French inayamba kuwagulitsa ndi dzina la Benzedrine, poyamba ngati konunkhiza kotsegula mphuno. Mu 1937 dokotala wina, Charles Bradley, wa pachipatala cha ana ovuta khalidwe ku Rhode Island, anapatsa ana 30 mankhwalawa. Anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la anawo linayamba kulimbikira sukulu, ndipo ambiri anadekha. Mankhwala odzutsa anakhazika pansi ana osakhazikika. Chithandizo cha ADHD chimene mwana wanga amalandira chinayambira pamenepo.

Patangopita zaka zochepa, mapiritsi omwewo anali m'matumba a asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Oyendetsa ndege a Britain ndi America ankawamwa kuti asagone pa maulendo a usiku. Osewera baseball mazanamazana anapita kunkhondoko, ndipo olemba mbiri ya masewerowa amati chizolowezicho chinabwera nawo pobwerera. Choncho mkati mwa zaka khumi, chinthu chimodzi chinalowa m'chipatala cha ana ndi m'chipinda chovalira osewera. Ngakhale Ritalin, mankhwala ena a ADHD omwe sali amphetamine koma amagwira ntchito mofananako, ali ndi fungo la bwalo kuyambira pa dzina. Leandro Panizzon, amene anawapanga mu 1944 ku kampani ya Ciba ku Switzerland, anawatcha dzina la mkazi wake Rita, yemwe ankawamwa asanakasewere tenesi.

M'zipinda zovalira, mapiritsiwa ankatchedwa ma greenie chifukwa cha mtundu wake wobiriwira, ndipo ambiri anali Dexedrine. Aliyense wa m'katimo ankadziwa, a kunja osadziwa, mpaka mu 1970 pamene Jim Bouton, woponya mpira amene anatchukapo ku New York Yankees, anatulutsa buku lake lotchedwa Ball Four. Linali kaundula wa tsiku ndi tsiku wa chaka cha 1969, ndipo mwa zina linaulula kuti osewera ambiri samalowa m'bwalo asanameze piritsi. Mkulu wa ligi, Bowie Kuhn, m'malo mofufuza mapiritsiwo anaitanitsa wolembayo n'kumuuza kuti asaine chikalata chonena kuti bukulo ndi nthano. Bouton anakana. Anzake anamusala ngati munthu woulula za kudambwe, ndipo Yankees sanamuitanenso ku tsiku lawo lokumbukira osewera akale mpaka mu 1998.

Chaka chotsatira, mu 1971, boma la America linaika amphetamine m'gulu lachiwiri la mankhwala oyang'aniridwa kwambiri, gulu limene muli morphine ndi cocaine. Kukhala nawo popanda kalata ya dokotala unali mlandu. Ligi nayo inalemba kuti osewera azitsata malamulo a dziko pa mankhwala. Koma panalibe woyeza munthu, ndipo lamulo lopanda woyeza linangokhala chokongoletsa khoma kwa zaka 35.

M'zaka zimenezo nkhani inkatulukira apo ndi apo n'kumiranso. Pa milandu ya cocaine ya ku Pittsburgh mu 1985, John Milner anauza khoti kuti ali ku New York Mets ankatenga madzi ofiira a amphetamine m'kabati ya Willie Mays, ngakhale anati sanamuonepo Mays akumwa, ndipo Mays anakana. Hank Aaron, munthu amene palibe anamukayikirapo ulemu, analemba yekha m'buku la moyo wake kuti mu 1968 zinthu zitamuvuta anameza piritsi limodzi lomwe mnzake anamupatsa, mtima unagunda mpaka anaganiza kuti akufa, ndipo sanabwerezenso. Mu 2003 Tony Gwynn ananena kuti mwa kuona kwake theka la osewera omenya mpira linkamwa ma greenie. Mu 2006 Jason Grimsley anauza ofufuza a boma kuti m'zipinda zovalira munkakhala miphika iwiri ya khofi, wina wamba, wina wosungunuliramo mapiritsi, ndipo inkalembedwa mayina a mitundu iwiri ya petulo kuti munthu asasokoneze.

Ine mphika wachiwiriwo ndi umene umandiuza zambiri. Munthu wobera amabisa. Apa panalibe chobisa. Mphika unali patebulo, aliyense akudziwa tanthauzo la chizindikiro chake, ngati mmene pa maliro aliyense amadziwira chidebe chimene muli thobwa ndi chimene muli zowawa. Matimu ankapindula ndi osewera atcheru, osewera ankapindula ndi ntchito yosatha, ndipo bungwe lawo linkakana zoyeza ponena kuti ndi kulowerera moyo wa munthu.

Chimene chinagwetsa mphikawo chinachokera kumbali. Mu February 2003 Steve Bechler, woponya mpira wa Orioles wa zaka 23, anakomoka pa maphunziro ku Florida n'kumwalira tsiku lotsatira ndi kutentha kwa thupi. Woyeza mtembo anati ephedra, mankhwala ochepetsa thupi omwenso ndi odzutsa, anathandizira imfayo. Kenako panabuka nkhani ya ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, ndipo pa 17 March 2005 aphungu a Nyumba ya Malamulo anaitanitsa Mark McGwire, Sammy Sosa, Rafael Palmeiro ndi ena kuti ayankhe dziko lonse likuonera. Poopa kuti boma liwalembera lamulo, mkulu wa ligi Bud Selig ndi mtsogoleri wa bungwe la osewera Donald Fehr anagwirizana mu November 2005. Chilango cha ma steroid chinakwera kufika masewero 50, kenako 100, kenako moyo wonse. Ndipo kwa nthawi yoyamba, kuyambira mu 2006, anayamba kuyeza amphetamine.

Chilango cha amphetamine chinali chofewerapo, ndipo kufewako kunali kuvomera kuti mlanduwu ndi wa mudzi wonse. Wogwidwa koyamba sankayimitsidwa ndipo dzina lake silinkalengezedwa, ankangoyezedwa kawirikawiri. Kachiwiri masewero 25, kachitatu 80. Woyamba kulangidwa anali Neifi Pérez wa Detroit Tigers mu July 2007, ndipo mwezi wotsatira anamuwonjezera 80. Izi zikutanthauzanso kuti Davis wa mwana wanga uja, pofika pa masewero 25, anali atagwidwapo kale kamodzi mwakachetechete. Mfundo imeneyi ndinaibisa kwa mwanayo kwa nthawi ndithu.

Koma Adderall, amene boma linawavomereza ngati mankhwala a ADHD mu 1996 atagulitsidwa kwa zaka zambiri ndi dzina la Obetrol ngati ochepetsa thupi, ndi amphetamine weniweni. Makina oyeza mkodzo sangasiyanitse piritsi la wodwala ndi la wofuna kudzuka. Tsono lamulo linasiya kakhomo: wosewera amene ali ndi vutoli atha kupempha chilolezo chapadera, chimene amachitchula mwachidule kuti TUE. Dokotala woima payekha woyang'anira ndondomekoyi akavomera, wosewerayo amamwa popanda mlandu, ndipo chaka chikatha ayenera kupemphanso.

Pa 15 January 2008, patatha mwezi lipoti la George Mitchell lonena za ma steroid litatuluka, phungu John Tierney wa ku Massachusetts anawerengera akuluakulu a ligi manambala awiri. Mu 2006 osewera amene anali ndi chilolezo cha mankhwala a ADHD anali 28. Mu 2007 anali 103. Nambalayo inakhala pamwamba pa 100 kwa zaka zoposa khumi, ndipo mu 2013 inafika 119. Matimu alipo 30, iliyonse ili ndi osewera 40 pa mndandanda wake waukulu, kutanthauza anthu pafupifupi 1,200. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse anali ndi chilolezo, pamene kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2006 anapeza kuti akuluakulu a ku America amene ali ndi ADHD ndi 4.4 pa 100 alionse. Dokotala Gary Wadler, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala m'masewero, ananena mwachipongwe kuti zikuoneka ngati mu baseball mwagwa mliri.

Manambalawa ndawatembenuza kambirimbiri. Munthu sangakhale wachilungamo n'kunena kuti kulumpha kuchoka pa 28 kufika pa 103 m'chaka chimodzi kulibe kanthu. Khomo litatsekedwa, ena anazungulira kuzenera, ndipo munthu wolandira mamiliyoni sasowa dokotala womulembera. Ligi nayo inavomereza mwa zochita zake: mu 2012 inakhazikitsa gulu la akatswiri a ADHD loti lizionanso pempho latsopano lililonse. Pofika 2019 nambala inatsika pansi pa 100, ndipo yakhala ikutsikabe.

Koma kuyerekeza ndi 4.4 kuja kuli ndi chinyengo chake. Osewera onse ndi amuna achinyamata, ndipo vutoli limapezeka kawirikawiri mwa amuna kuposa akazi. Komanso mwana amene mpando wa m'kalasi umamuotcha amathawira kubwalo, kumene kujijirika kwake kumatamandidwa. Ambiri mwa osewerawa analowa ntchito atangomaliza sekondale. Ndipo chachikulu kwa ine n'ichi: isanafike 2006, wosewera wa ADHD analibe chifukwa chopitira kwa dokotala. Mankhwala ake anali mumphika wa khofi. Ena mwa anthu amene kwa zaka zambiri ankati piritsi limawathandiza kuona mpira anali akudzichiza okha osadziwa dzina la chimene chinkawavuta. Mphika utachotsedwa anakafola kuchipatala limodzi ndi oberawo, ndipo pa mndandanda wa 103 uja onse amaoneka chimodzimodzi.

Baseball ndi masewero ankhanza kwa munthu wa maganizo othawathawa, chifukwa nthawi yambiri umangoima. Utha kuima mphindi makumi awiri mpira osabwera, kenako n'kubwera mwadzidzidzi. Mu May 2006 Adam LaRoche wa Atlanta Braves anatola mpira wosavuta n'kumayenda pang'onopang'ono kupita pamalo pake ngati munthu amene mtima uli kwina, mpaka wothamanga wa Washington anamupitirira. Owonera a kwawo komwe anamukuwiza, akumati ndi ulesi. LaRoche ankadziwa kale kuti ali ndi vutoli koma ankakana mankhwala. Pambuyo pa manyazi amenewo anayamba kumwa, ndipo chakacho anamaliza ndi ma home run 32. Andrés Torres wa ku Puerto Rico anauzidwa za vuto lake mu 2002, nayenso anazengereza zaka zisanu akuvutika m'maligi ang'onoang'ono. Mu 2010, ali ndi zaka 32, anali mmodzi mwa mizati ya San Francisco Giants pamene inatenga World Series. Nditawerenga za LaRoche ndinakumbukira mawu a aphunzitsi pa lipoti la mwana wanga, akuti ndi wanzeru koma safuna kulimbikira.

Sindikufuna kuti mankhwalawa amveke ngati madzi odalitsidwa. Amakweza dopamine ndi norepinephrine mu ubongo wa aliyense, wodwala ndi wabwino yemwe, ndipo wotopa aliyense amamudzutsa. Amathamangitsa mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, amathawitsa tulo ndi chilakolako cha chakudya. Wanga uja anaonda chaka choyamba mpaka amayi ake analira. Osewera akale ankameza piritsi masana n'kumwa mowa usiku kuti agone, m'mawa n'kuyambiranso. Aubrey Huff, amene anali ndi Torres pa timu ya 2010 ija, anadzaulula yekha kuti analowerera Adderall, ndipo anafika poganiza zodzipha. Mu mpikisano wa njinga wa Tour de France, Tom Simpson anafera pa phiri la Ventoux mu 1967 ali ndi amphetamine m'thupi. Amene analetsa mankhwalawa sanalakwitse.

Chimene chinatsatira ndi milandu yotsamira pa pepala. Carlos Ruiz wa Philadelphia Phillies anayimitsidwa masewero 25 mu November 2012 chifukwa cha Adderall, ndipo pambuyo pake anapatsidwa chilolezo cha mankhwala omwewo. Miguel Tejada, amene anakhalapo wosewera wopambana onse mu American League, analangidwa masewero 105 mu August 2013. Iye anati chilolezo chake chinatha mu April, n'kupitiriza kumwa akudikira china. Munthu yemweyo, piritsi lomwelo, mu March wodwala, mu May wobera. Kenako Davis. Chaka cha 2014 chinali chomuvuta, akumenya bwino kosakwana kawiri pa maulendo khumi alionse. Anagwidwa kutatsala masewero 17, Orioles ili pafupi kutenga chigawo chake koyamba kuchokera mu 1997. Timuyo inachitengadi, inagonjetsa Detroit masewero atatu otsatizana, kenako Kansas City Royals inaikwapula anayi otsatizana Davis ali kunyumba. Mwana wanga anaonera onsewo atavala malaya ena.

Davis analakwa, ndipo ndinamuuza mwanayo choncho pamapeto pake. Ankadziwa lamulo, anali atachenjezedwa kale, ndipo anasiya anzake pa nthawi yovuta. Koma tamvani zimene zinachitika mu 2015. Ligi inamupatsa chilolezo, ulendo uno cha Vyvanse. Vyvanse akalowa m'magazi, thupi limamusandutsa dextroamphetamine, yemwe ndi Dexedrine, yemwe ndi greenie wa m'buku la Bouton. Atamaliza tsiku limodzi lotsala pa chilango chake, Davis anamenya ma home run 47, kuposanso aliyense mu ligi, ndipo mu January 2016 Orioles inamupatsa mgwirizano wa zaka zisanu ndi ziwiri wa madola 161 miliyoni. Amene ankati mphamvu zake zinali za m'botolo analankhula kwambiri chaka chimenecho. Anadzasowa chonena pamene munthu yemweyo, kuyambira September 2018 mpaka April 2019, anapita kukamenya maulendo 54 otsatizana osaphula kanthu.

Ine pepalalo sindilinyoza. Popanda ilo, pali njira ziwiri zokha: kubwezeretsa mphika wa khofi patebulo, kapena kuuza Torres ndi LaRoche kuti asankhe pakati pa mankhwala awo ndi ntchito yawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti ngongole ya zaka 60 zimene ligi inatsinzina dala ikubwezedwa ndi anthu amene sanaikongole. Eni matimu amene ankalipira khofi uja palibe analangidwapo. Osewera a m'nyengo ya ma greenie zithunzi zawo zili m'nyumba ya ulemu ku Cooperstown, ndipo n'koyenera. Koma mnyamata amene lero akunena kuti ali ndi ADHD ayenera kutsimikizira akatswiri chaka ndi chaka kuti sakunama, anthu akumuyang'ana cham'mbali, ndipo mu 2016 chilango cha wogwidwa kachiwiri chinakwezedwa kufika masewero 50. Kukayikira kumeneko sikuthera pa mpanda wa bwalo. Kunafika m'khitchini mwanga Lachisanu lija, kudzera pakamwa pa ana a sukulu.

Nafenso tinkakhalira pepala. Chifukwa cha gulu lachiwiri lija la 1971, kalata ya Adderall siigwira ntchito kawiri. Botolo lililonse limafuna kalata yakeyake, ndipo mwezi umene ndinaiwala kukatenga, mwanayo anakhala masiku anayi opanda mankhwala, aphunzitsi n'kundiimbira foni tsiku lachiwiri. Chaka chotsatira chilango cha Davis tinapita kumudzi kukaona agogo ake. Adokotala anatilembera kalata yofotokoza za botololo, yoti tionetse pa bwalo la ndege wina akafunsa. Ndinkafuna kuiika m'chikwama changa pamodzi ndi mapasipoti, koma mwanayo anaitenga, n'kuipinda kanayi, n'kuilowetsa m'thumba la malaya ake. Anali atavalanso a nambala 19 aja. Ku Johannesburg palibe anatifunsa, ku Lilongwe chimodzimodzi, koma ulendo wonse dzanja lake linkabwerera pathumbapo.